Phunziro la pa kalabu: Mtima ndi mapapo athu pa nthawi ya masewera olimbitsa thupi

Achinyamata anzathu a m'makalabu onse a m'boma la Mulanje, phunziro lathu ulendo uno likukhudza ziwalo ziwiri zimene zimagwira ntchito usana ndi usiku osapumula. Ziwalozi ndi mtima ndi mapapo. Tonse timadziwa kuti tikathamanga kapena kukwera chitunda mtima umagunda kwambiri ndipo timapuma mwawefuwefu. Koma kodi timadziwa chifukwa chake? Nanga tingasiyanitse bwanji befu wa munthu wabwinobwino amene wangotopa ndi befu wa munthu amene akudwala? Cholinga cha phunziroli ndi choti aliyense wa ife athe kuyankha mafunso awiriwa, komanso kuti adziwe nthawi yoyenera kupita kuchipatala.

Chitsanzo cha phiri lathu

Ife a kuno sitisowa chitsanzo chifukwa phiri la Mulanje tili nalo pakhomo. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, ndipo palibe malo ena okwera kuposa amenewa m'Malawi muno. Pa phiri limeneli pamachitika mpikisano wothamanga wotchedwa Porters' Race, umene poyamba unali wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira, koma pano amalowa nawo ndi ena, amuna ndi akazi omwe. Othamanga amanyamuka pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, kenako n'kutsikiranso pa Likhubula. Mtunda wonse umapitirira makilomita 20. Ena amaumaliza m'maola ochepa chabe, pamene mlendo wosazolowera amatenga theka la tsiku kuti angofika ku Chambe kokha.

Kusiyana kwa anthu amenewa si mankhwala kapena matsenga ayi. Chinsinsi chake chili m'chifuwa ndi m'minofu. Kuti timvetse bwino, tiyeni tiyambe taona mmene mapapo ndi mtima zimagwirira ntchito.

Mapapo: khomo la mpweya

Minofu yathu imafuna mphamvu kuti igwire ntchito. Mphamvuzi zimachokera m'zakudya monga nsima, mbatata, chinangwa, nthochi ndi nyemba. Koma chakudya pachokha sichingatulutse mphamvu zokwanira popanda mpweya wa okosijeni. Zili ngati nkhuni pa mafuwa. Nkhuni zikhoza kukhala zouma bwino, koma moto ukasowa mpweya umangofuka. Ukaukupizira ndi pamene umayaka. M'thupi mwathunso chakudya chimakumana ndi okosijeni n'kutulutsa mphamvu, kutentha, madzi ndi mpweya woipa wotchedwa kaboni dayokosaidi umene umayenera kutuluka.

Mpweya umalowera m'mphuno kapena m'kamwa, n'kutsika ndi kholingo. Kholingolo limagawikana pawiri, njira ina kupita ku papo la kumanja ndi ina ku papo la kumanzere. M'kati mwa mapapo njirazi zimagawikanagawikana ngati nthambi za mtengo mpaka kukathera ku timatumba ting'onoting'ono ta mpweya. Timatumbati tilipo mamiliyoni oposa 300, ndipo kalikonse ndi kokutidwa ndi timitsempha ta magazi topyapyala kuposa tsitsi. Apa ndi pamene pamachitikira msinthano. Okosijeni amachoka m'katumba n'kulowa m'magazi, ndipo mpweya woipa umachoka m'magazi n'kulowa m'katumba kuti tiupumire kunja. Mu mpweya umene timakoka, magawo 21 mwa magawo 100 alionse ndi okosijeni. Mu umene timatulutsa mumatsala magawo pafupifupi 16.

Mapapo sadzikoka okha. Pansi pake pali mnofu waukulu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Mnofuwu ukatsika pansi ndipo nthiti zikatukuka, chifuwa chimakula ndipo mpweya umalowa. Ukabwerera m'malo mwake, mpweya umatuluka. Amene anaonapo mvukuto wa osula makasu akhoza kumvetsa msanga. Munthu wamkulu akangokhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, ndipo ulendo uliwonse amakoka mpweya pafupifupi theka la lita.

Mtima: mpope wa thupi

Okosijeni akalowa m'magazi amafunika kufika ku chala cha kuphazi, ku ubongo ndi kulikonse. Ntchito yotumiza magazi ndi ya mtima. Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo uli pakati pa chifuwa koma mopendekera kumanzere. Uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumtunda zolandira magazi ndi ziwiri kumunsi zowapopa. Pakati pa zipindazi komanso potulukira magazi pali tizitseko timene timatseguka mbali imodzi yokha, monga mmene mjigo umachitira kuti madzi akakwera asabwererenso pansi. Kugunda kumene adokotala amamvetsera pa chifuwa ndi phokoso la tizitsekoti pamene tikutsekeka.

Magazi amayenda maulendo awiri. Mbali ya kumanja ya mtima imalandira magazi amene agwira kale ntchito m'thupi n'kuwatumiza ku mapapo kuti akasiye mpweya woipa ndi kutenga okosijeni. Kuchokera ku mapapo magazi amabwerera ku mbali ya kumanzere, ndipo mbali imeneyi imawakankha mwamphamvu kupita m'thupi lonse. N'chifukwa chake khoma la chipinda cha kumunsi kumanzere ndi lochindikala kuposa zipinda zina zonse. Amene anayamba kufotokoza bwino za kuzungulira kwa magazi kumeneku ndi dokotala wa ku England dzina lake William Harvey, m'chaka cha 1628.

M'magazi muli tizigawo tofiira timene timanyamula okosijeni. Kuti thupi lipange tizigawoti limafuna mchere wa ayironi umene timaupeza mu nyama, chiwindi, usipa, matemba, nyemba ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso.

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Akakhala phee mtima wake umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi, kutanthauza kuti pa tsiku umagunda pafupifupi maulendo 100,000. Pa mphindi iliyonse umapopa magazi pafupifupi malita 5. Tikayerekeza ndi ndowa ya malita 20 imene timatungira madzi, mtima wa munthu amene wangokhala ukhoza kuidzaza m'mphindi zinayi.

Chimachitika n'chiyani tikayamba kuthamanga?

Tiyerekeze kuti tayamba kusewera mpira wamiyendo kapena wamanja, kapena tikupalasa njinga ya kabaza pa chitunda titakweza munthu. Minofu ya m'miyendo imayamba kufuna okosijeni wambiri ndipo imatulutsa mpweya woipa wambiri. Thupi limayankha m'njira zingapo nthawi imodzi.

Choyamba, mtima umafulumira. Kuwonjezera apo, pa kugunda kulikonse umatulutsa magazi ambiri kuposa nthawi zonse. Wachinyamata wathanzi akathamanga mwamphamvu mtima wake ukhoza kupopa malita 20 kapena kuposa pa mphindi. Ndowa ija imene imadzaza m'mphindi zinayi tsopano ikudzaza m'mphindi imodzi. Mtima uli ndi malire ake a kufulumira. Akatswiri amayerekeza malirewa pochotsa zaka za munthu pa nambala ya 220. Wa zaka 20 ndiye kuti malire ake ali cha pa 200 pa mphindi. Uku ndi kuyerekeza chabe chifukwa anthu timasiyana.

Chachiwiri, timapuma mofulumira komanso mozama. Munthu wokhala phee amakoka mpweya pafupifupi malita 6 pa mphindi, koma pothamanga mwamphamvu akhoza kupitirira malita 100. Chimene chimauza ubongo kuti tipume mofulumira kwenikweni ndi kuchuluka kwa mpweya woipa umene ukufunika kutuluka.

Chachitatu, thupi limasintha kagawidwe ka magazi. Tikakhala phee minofu imalandira gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a magazi amene mtima ukupopa. Pothamanga mwamphamvu imalandira magawo anayi mwa asanu. Mitsempha yopita ku minofu imatakasuka pamene yopita m'mimba imachepa. Ichi ndi chifukwa chake si bwino kulowa m'bwalo titangotsuka m'manja pa nsima yambiri. Mimba ndi miyendo zimalimbirana magazi, ndipo munthu amamva kulemera kapena kupotokola. Tidikire kaye maola awiri kapena kuposa.

Chachinayi, thupi limatentha, choncho magazi ena amapita ku khungu ndipo timatuluka thukuta kuti tizizire. Thukuta ndi madzi amene achoka m'thupi. Tikapanda kumwa madzi, magazi amachepa ndipo mtima umavutika kupopa. Miyezi yotentha ya October ndi November tiyenera kusamala kwambiri.

Tikasiya kuthamanga befu sasiya nthawi yomweyo. Thupi limapitiriza kukoka mpweya wambiri kwa mphindi zingapo kuti libwezeretse zimene lagwiritsa ntchito. Palibe choopsa pamenepa. Chofunika ndi kuyendayenda pang'ono, osaima chilili mwadzidzidzi. Minofu ya m'miyendo ikamayenda imathandiza kukankhira magazi kubwerera ku mtima, ndipo tikaima mwadzidzidzi magazi amatsalira m'miyendo, mutu n'kuchita chizungulire.

Pamwamba pa phiri pali vuto lina lowonjezera. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Pa Sapitwa, kupuma kamodzi kumabweretsa okosijeni wokwana pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a amene munthu angapeze m'mphepete mwa nyanja yamchere. Choncho mtima ndi mapapo zimayenera kulimbikira kwambiri kuti ntchito yomweyo itheke.

Thupi limaphunzira

Tsopano tibwerere kwa onyamula katundu a pa Likhubula aja. Munthu akamagwiritsa ntchito thupi lake kawirikawiri, mtima wake umalimba monga mmene umalimbira mnofu wina uliwonse. Umayamba kutulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, choncho sufunikanso kugunda kambirimbiri. Akatswiri ena othamanga mitunda italiitali mtima wawo umagunda maulendo 40 mpaka 60 okha pa mphindi akakhala phee. Magazi amachulukirako, ndipo m'minofu mumamera timitsempha tatsopano totengera okosijeni. Minofuyo imaphunziranso kugwiritsa ntchito okosijeniyo bwino. Mapapo eniake sakula kwenikweni, koma minofu yopumira imalimba ndipo sitopa msanga.

Kusintha kumeneku kumayamba kuoneka pakatha masabata angapo. Komanso munthu akasiya masewera kwa masabata angapo, mphamvuzo zimayamba kubwerera m'mbuyo. Palibe amene amasunga mphamvu za chaka chatha m'nkhokwe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 pa tsiku. A zaka 18 kupita m'tsogolo azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Sikuti tikufunika nsapato zodula kapena zipangizo zapadera. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kulima, kudumpha chingwe, kusewera fulaye, kuvina magule athu monga tchopa, zonsezi zimalimbitsa mtima. Njira yapafupi yodziwira muyeso ndi iyi: ngati tikutha kulankhula koma sitingathe kuimba nyimbo, ndiye kuti tili pa muyeso wapakatikati umene ndi wabwino. Ngati tikungotha mawu awiri kapena atatu n'kupuma, ndiye kuti tafika pa muyeso wamphamvu. Woyamba kumene asadzikakamize. Paja akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nkhaniyi si ya okalamba okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Zizolowezi zimene zimateteza kapena kuononga mtima zimayamba pa msinkhu wathu uno.

Adani a mtima ndi mapapo

Fodya ndi chamba zimaononga timatumba ta mpweya ndi njira zake. Utsi wa fodya ulinso ndi mpweya wina wa poizoni umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. N'chifukwa chake wosuta amayamba kutha mpweya anzake akadali ndi mphamvu. Utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda mawindo umavulazanso mapapo, makamaka a atsikana ndi amayi amene amakhalitsa pa moto. Tiphikire pamalo podutsa mphepo, tigwiritse ntchito nkhuni zouma, ndipo tisagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji mu June ndi July.

Kuchepa kwa magazi m'thupi ndi mdani wina. Malungo, likodzo, njoka zam'mimba, kusadya mokwanira komanso kutaya magazi ambiri pa nthawi ya msambo zimachepetsa tizigawo tofiira tija. Zikatero mtima umathamanga kwambiri pa ntchito yaing'ono chifukwa onyamula okosijeni achepa. Zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera.

Zilonda zapakhosi nazo tisazipeputse, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zina zimayamba ndi tizirombo timene tikapanda kuthana nato ndi mankhwala a kuchipatala, thupi polimbana nato limavulaza tizitseko ta mtima tija. Mwana amatupa ndi kumva kuwawa m'malo olumikizira mafupa, ndipo patapita zaka mtima umayamba kulephera. Matendawa alipo m'dziko muno ndipo amapeweka ngati mwana walandira chithandizo msanga.

Chifuwa chachikulu cha TB chimadya mapapo. Chimachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Kwa ambiri amamwedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi osadukiza.

Nanga anzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV?

Funso limeneli limabwera kawirikawiri m'makalabu. Yankho ndi lakuti wachinyamata amene ali ndi kachirombo, amene akumwa ma ARV mwandondomeko ndipo akupeza bwino, akhoza kusewera mpira, kuthamanga ndi kukwera phiri ngati wina aliyense. Ndipotu masewera ndi ofunika kwambiri kwa iye, chifukwa kafukufuku akuonetsa kuti anthu amene ali ndi kachiromboka amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a mtima akamakula. Masewera amathandizanso kuti munthu asanenepe mopitirira muyeso, azigona bwino ndiponso nkhawa zichepe. Koma masewera salowa m'malo mwa ma ARV. Ngakhale thupi lilimbe chotani, mankhwala tisasiye.

Tikumbukirenso kuti kachirombo ka HIV sikafala kudzera m'thukuta, m'mpweya wopuma, pogwirana chanza kapena pogundana m'bwalo. Palibe chifukwa chopatulira mnzathu pa timu. Wina akavulala n'kutuluka magazi, kaya ndi ndani, atuluke kaye m'bwalo, bala litsukidwe ndi kumangidwa, ndipo womuthandiza avale magolovesi kapena pepala la pulasitiki m'manja. Lamuloli ndi la aliyense posayang'ana kuti magazi ake ali bwanji.

Befu wabwino ndi befu woopsa

Befu wabwino amabwera pamene tagwira ntchito yamphamvu ndipo amatha tikapuma kwa mphindi zochepa. Koma tipite kuchipatala msanga tikaona zizindikiro izi: kupweteka kapena kufinyika pa chifuwa pochita masewera, kukomoka kapena kuchita chidima m'maso uli m'kati mothamanga, kubanika utangokhala, utagona chagada, kapena pa ntchito yaing'ono imene kale sinkakuvuta, mtima kugunda modumphadumpha, kutupa mapazi, kulira kwa m'chifuwa popuma monga amachitira a mphumu, kutsokomola kwa masabata awiri kapena kutsokomola magazi, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuonda. Amene ali ndi kachirombo ka HIV asadikire masabata awiriwo. Chifuwa chilichonse akachinene kuchipatala kuti amuyeze TB.

Thandizo likupezeka pa chipatala chachikulu cha boma cha Mulanje, pa Mulanje Mission komanso m'zipatala zazing'ono monga Chonde, Chambe ndi Muloza. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akhozanso kukuuzani kumene mungapite. Ndipo munthu amene watentha thupi kapena akumwa mankhwala a malungo asalowe m'bwalo mpaka atachira, ngakhale timu imudalire chotani. Amene ali ndi mphumu sakuletsedwa masewera, koma azikhala ndi mankhwala ake opopera pafupi ndipo aziyamba pang'onopang'ono.

Zochita pa kalabu

Khalani awiriawiri, ndipo wina akhale ndi wotchi kapena foni. Khalani pansi phee kwa mphindi zisanu. Kenako ikani zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, pa mkono wa mnzanu m'munsi mwa chala chachikulu mpaka mumve kugunda. Musagwiritse ntchito chala chanu chachikulu chifukwa nacho chimagunda. Werengani kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Lembani nambalayo. Werenganinso maulendo amene chifuwa chake chikukwera pa mphindi imodzi.

Tsopano mnzanuyo athamange pamalo amodzi kapena akwere ndi kutsika pa sitepe ya khonde kwa mphindi zitatu. Akangomaliza werenganinso. Dikirani mphindi imodzi n'kuwerenganso, kenako mphindi zitatu. Mtima wozolowera masewera umabwerera m'malo mwake msanga. Sungani manambalawa m'kope la kalabu. Gwirizanani zochita masewera katatu kapena kuposa pa sabata, ndipo pakatha masabata asanu ndi atatu mudzabwereze kuyezaku kuti muone kusintha. Amene sakupeza bwino tsikulo akhale wosunga nthawi ndi wolemba, ndipo pasakhale kusekana chifukwa cha manambala.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani ulendo wa okosijeni kuchokera m'mphuno mpaka kukafika mu mnofu wa mwendo.

2. N'chifukwa chiyani mtima wa munthu wozolowera kukwera phiri umagunda pang'onopang'ono akakhala phee?

3. Atsikana ambiri amasiya masewera akatha msinkhu. Zifukwa zake ndi zotani m'mudzi mwathu, ndipo kalabu yathu ingachitepo chiyani?

4. Mnzathu wa pa timu wayamba kubanika msanga, akutsokomola ndipo akuonda, koma akuopa kupita kuchipatala poganiza kuti anthu amunena. Tingamuthandize bwanji popanda kumuchititsa manyazi?

Mlembi wa kalabu alembe mayankho amene mwagwirizana. Ngati pali mafunso amene akuvutani, apatseni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti mudzakambirane nawo pa msonkhano wotsatira.